Mafunso ndi Mayankho: Alefu, chilembo chomwe chinayamba ngati mutu wa ng'ombe

Makalata anayi omwe tasankha mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akukhudza chilembo chimodzi, chomwe ndi choyamba mu alifabeti ya Chiheberi ndipo chimalembedwa chonchi: א. Ena amalemba dzina lake kuti Alefi kapena Aleph, koma ife tigwiritsa ntchito Alefu. Makalatawo tawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, ndikamawerenga Salimo 119 ndimapeza mawu achilendo pamwamba pa ndime zake, kuyambira ndi lakuti Alefu, kenako Beti, Gimeli, mpaka kumapeto. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuganiza kuti amenewa ndi mayina a anthu omwe anapeka kapena kuimba ndimezo, koma mnzanga wina wandiuza kuti ndi zilembo chabe. Ngati iye akunena zoona, zilembozo zikufunanji pamenepo, nanga Alefuyo ndiye A yemwe tinaphunzira kusukulu uja?

YANKHO: Mnzanuyo sanakunamizeni. Mawuwo ndi mayina a zilembo 22 za alifabeti ya Chiheberi, ndipo Mabaibulo ambiri amawaika pamenepo pofuna kusonyeza owerenga luso la wopeka ndakatuloyi, lomwe palibe womasulira angaliwolotsere m'chinenero china popanda kupotoza mawu. Wopekayo anadzimanga ndi lamulo lovuta kwambiri, lakuti mavesi asanu ndi atatu oyambirira onse ayambe ndi Alefu, asanu ndi atatu otsatira ayambe ndi Beti, ndipo zipitirire choncho mpaka pa Tavu, chilembo chotsiriza. Mukachulukitsa 22 ndi 8 mupeza 176, chomwe ndi chiwerengero cha mavesi a salimoli, ndipo n'chifukwa chake palibe mutu wina m'Baibulo lonse wokhala ndi mavesi ambiri ngati umenewu. Luso lomweli likupezekanso m'masalimo ena monga 25, 34, 111, 112 ndi 145, m'ndakatulo ya mkazi wangwiro pa Miyambo 31:10-31, komanso m'mitu inayi yoyambirira ya buku la Maliro. Akatswiri ambiri amaona kuti dongosololi linkathandiza anthu kuloweza, ndiponso linkasonyeza kuti nkhani yanenedwa yonse yathunthu, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza.

Gawo lachiwiri la funso lanu ndilo lofunika kuchedwapo. Alefu ndi kholo la A, koma sankamveka ngati A, ndipo umboni wake uli m'mavesi omwewo amene mwawatchula. Vesi loyamba ndi lachiwiri akuyamba ndi liwu lakuti ashrei, lotanthauza odala, lachinayi likuyamba ndi atah, kutanthauza inu, ndipo munthu angafulumire kunena kuti basi nkhani yatha, Alefu ndi A. Koma vesi lachisanu ndi chiwiri likuyamba ndi odekha, kutanthauza ndidzakuyamikani, ndipo lachisanu ndi chitatu likuyamba ndi et. Kwa wopeka ndakatuloyo mawu onsewa ankayamba ndi chilembo chimodzi, ngakhale kuti kwa ife lina likuyamba ndi a, lina ndi o, linanso ndi e. Mayina odziwika bwino akusonyeza zomwezo, pakuti Adamu, Abrahamu, Aroni, Eliya, Estere, Uriya ndi Yobu, yemwe m'Chiheberi amatchedwa Iyov, onse amayamba ndi Alefu.

Chomwe Alefu ankaimira ndi kutseka kwa kummero kwa kamphindi kochepa, mpweya usanatuluke. Yesani kunena mawu odabwira kapena okanira aja akuti a-a, ndipo mumva kuti pakati pa ma a awiriwo mpweya ukuima kukhosi kenaka n'kumasuka. Kadukidwe kameneko ife sitikalemba, chifukwa sikasiyanitsa mawu m'chinenero chathu, koma kwa Aheberi, Afoinike, Aaramu ndi Aarabu kanali konsonanti weniweni, wofanana ulemu ndi b kapena m. Zilembo zonse 22 zinali makonsonanti, ndipo wowerenga ankayenera kudziwa yekha mavawelo oyenera malinga ndi nkhani, ngakhale kuti m'kupita kwa nthawi zilembo zingapo, kuphatikizapo Alefu yemwe, zinayamba kuthandizako kusonyeza mavawelo ena. Timadontho ndi timizere tomwe mumaona pansi ndi pamwamba pa zilembo m'Baibulo la Chiheberi tinabwera mochedwa kwambiri, ndipo ndi ntchito ya alembi otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias m'mphepete mwa Nyanja ya Galileya, omwe anagwira ntchitoyi kuyambira cha m'ma 600 mpaka cha m'ma 900 AD. Mipukutu ya Tora, mabuku asanu a Mose, yowerengedwa m'masunagoge ilibe timadonthoti mpaka lero, ndipo nyuzipepala za ku Israel sizitigwiritsanso ntchito kupatula pamene liwu lingasokoneze.

Pali chilembo china cha kukhosi, Ayini, chomwe chimasokonezedwa kawirikawiri ndi Alefu, chifukwa olankhula Chiheberi ambiri masiku ano sazisiyanitsa pakamwa, pamene kale Ayini ankatuluka mwamphamvu kuchokera pansi penipeni pa mmero. Dzina la mneneri Amosi limayamba ndi Ayini, koma la Amozi, atate a Yesaya, limayamba ndi Alefu, choncho mayina awiriwa alibe ubale ngakhale kuti m'Baibulo lathu akuoneka ngati mapasa. Momwemonso liwu lakuti or likalembedwa ndi Alefu limatanthauza kuwala, pamene likalembedwa ndi Ayini limatanthauza chikopa.

FUNSO: Akonzi, ndinamva mlaliki wina akuphunzitsa kuti Alefu ndi chithunzi cha ng'ombe yamphongo ndipo amaimira mphamvu, pamene Beti ndi chithunzi cha nyumba, motero liwu la Chiheberi lotanthauza bambo, lomwe limalembedwa ndi zilembo ziwirizi, limatanthauza mphamvu ya nyumba. Ulalikiwo unandikhudza kwambiri. Kodi liwu lililonse la Chiheberi lingamasuliridwe mwanjira imeneyi?

YANKHO: Theka la zimene munamva ndi mbiri yotsimikizika, pamene theka linalo ndi fanizo la paguwa, ndipo ndi bwino kuziika padera ziwirizi. Tiyambe ndi mbiriyo, chifukwa ndi yokoma payokha.

M'nyengo yozizira ya 1904 mpaka 1905, katswiri wofukula zinthu zakale wa ku Britain, Flinders Petrie, pamodzi ndi mkazi wake Hilda, ankagwira ntchito pamalo otchedwa Serabit el-Khadim m'chipululu cha Sinai, pomwe mafumu a ku Egypt ankakumbitsa miyala yamtengo wapatali ya turquoise. Pakati pa zolemba zambiri za Chiiguputo anapeza zolemba zina zozokotedwa mwachisawawa pamiyala, zokhala ndi zizindikiro zochepa zedi zomwe zinkabwerezedwabwerezedwa, ndipo chimodzi mwa izo chinali mutu wa ng'ombe wokhala ndi nyanga ziwiri. Mu 1916 katswiri wina, Alan Gardiner, anaganiza kuti olembawo anali anthu olankhula chinenero cha Chikanani, chachibale ndi Chiheberi, ndipo kuti chithunzi chilichonse chinkaimira kamvekedwe koyamba ka dzina la chinthu chojambulidwacho. Potsatira ganizo limeneli anatha kuwerenga mawu akuti kwa Baalati, dzina la mulungu wamkazi yemwe ankapembedzedwa pamalopo. M'zaka za m'ma 1990 John ndi Deborah Darnell anapezanso zolemba zofanana nazo ku Wadi el-Hol, m'chipululu chakumadzulo kwa mtsinje wa Nile kufupi ndi Luxor. Akatswiri amasiyana maganizo pa zaka zenizeni, koma ambiri amaika chiyambi cha kalembedweka pakati pa 1900 ndi 1500 BC.

Aiguputo anali ndi zizindikiro mazanamazana, zomwe munthu ankaziphunzira zaka zambiri asanakhale mlembi. Alendo odzagwira ntchito m'dziko lawo ndiwo anatola zochepa chabe n'kupanga chida chomwe mwana angachiphunzire m'miyezi yowerengeka, ndipo apa mwambi uja wakuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa unapherezera. Ng'ombe m'chinenero chawo inkatchedwa alp, liwu loyamba ndi kutseka kwa kummero kuja, choncho mutu wa ng'ombe unaimira kamvekedwe kameneko. Nyumba inali bayt, motero chithunzi cha nyumba chinaimira b, mafunde a madzi anaimira m, ndipo mutu wa munthu unaimira r. Liwu lakale la ng'ombeli likupezekabe m'Baibulo, mwachitsanzo pa Miyambo 14:4 pomwe ng'ombe zikutchedwa alafim, ngakhale kuti mawu ofala kwambiri a ng'ombe m'Chiheberi ndi ena.

Mfundo yomwe mlaliki wanu anailumpha ndi yakuti chithunzicho chitangosankhidwa, tanthauzo lake linasiyidwa ndipo chinatsala ndi kamvekedwe kokha. Tiyerekeze kuti ndife tikupanga alifabeti lero, ndipo tasankha chithunzi cha fupa kuti chiziimira f. Polemba liwu lakuti fisi tiyamba ndi fupalo, ndipo patapita zaka zikwi zitatu wina adzaima pagulu n'kunena kuti makolo anabisa nzeru yakuya m'liwuli, pakuti fisi amadyadi mafupa. Omvera adzagwedeza mitu movomereza, koma fupa lomwelo lidzakhala lili kumayambiriro kwa fumbi, funso ndi fulu, momwe mulibe nkhani ya mafupa mpang'ono pomwe. Izi ndi zomwe zikuchitika ndi liwu lakuti av, bambo. Zilembo ziwiri zomwezo, Alefu ndi Beti, ndizo zimayambitsa evyon, kutanthauza waumphawi, evel, kutanthauza kulira maliro, ndi avad, kutanthauza kutayika kapena kuwonongeka. Alefu amayambitsanso almanah, mkazi wamasiye, efer, phulusa, ndi efes, kupanda kanthu. Munthu wofuna kupeza mphamvu ya ng'ombe m'mawu amenewa ayenera kutuluka thukuta.

Umboni wina ndi wa nthawi. Liwu la bamboli ndi lakale kuposa alifabeti, pakuti anthu a ku Mesopotamia olankhula Chiakadi ankanena kuti abu ndipo ankalilemba pamapale a dongo ndi zizindikiro zawo zosongoka zaka mazana ambiri mutu wa ng'ombe usanazokotedwe ku Sinai. Aarabu nawonso amati ab. Anthu ankaitana atate awo ndi liwuli kalekale asanaganize za kulemba, choncho n'zosatheka kuti tanthauzo lake lichokere ku maonekedwe a zilembo zomwe zinadza pambuyo. Kunena kuti bambo akhale mphamvu ya nyumba yake ndi uphungu womwe wokamba angauteteze ndi mavesi ena, koma asauike m'kamwa mwa chinenero chomwe sichinanene zimenezo.

Ulendo wa mutu wa ng'ombewo unapitirira. Afoinike, amalonda apanyanja a ku Turo, Sidoni ndi Byblos, anaufupikitsa kukhala mizere itatu, iwiri yokumana ngati mphanda yogona cham'mbali ndi wina wopingasa. Cha m'ma 800 kapena 700 BC Agiriki anatenga alifabeti imeneyi, koma popeza kutseka kwa kummero sikunkasiyanitsa mawu m'chinenero chawo, chilembo choyambacho anachipatsa ntchito ya vawelo a, ndipo anachita chimodzimodzi ndi zilembo zina za kukhosi, mwakuti He anasanduka e ndipo Ayini anasanduka o. Dzina analisunga n'kulitchula kuti alpha, liwu lomwe m'Chigiriki silitanthauza china chilichonse, ndipo mukaliphatikiza ndi beta mupeza komwe kunachokera liwu lakuti alifabeti. Kuchokera kwa Agiriki chilembocho chinapita kwa Aetrusika a ku Italy, kenako kwa Aroma. Mukalemba A wamkulu papepala n'kulitembenuza chadodolido, muona chipumi ndi mphuno zili pansi, nyanga ziwiri zitaloza kumwamba.

Alefu wa Chiheberi yemwe mumamuona lero safanana ndi ng'ombe chifukwa anadzera njira ina. Aisraeli a m'nthawi ya mafumu ankalemba ndi zilembo zofanana kwambiri ndi za Afoinike, monga zikuonekera pa kalendala ya ku Gezer yomwe inapezeka mu 1908, ndi pa mawu ozokotedwa m'ngalande ya madzi ya Siloamu, omwe anapezeka mu 1880 ndipo akusungidwa ku Istanbul. Ngalandeyi ambiri amaigwirizanitsa ndi yomwe inakumbidwa ndi Mfumu Hezekiya malinga ndi 2 Mafumu 20:20. Yerusalemu atagwa m'manja mwa Ababulo cha m'ma 586 BC, Ayuda anazolowera Chiaramu, chomwe pambuyo pake chinakhala chinenero cha boma mu ufumu wa Aperisi, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kulemba Chiheberi chawo ndi zilembo za Chiaramu, zomwe zinasanduka zilembo zamakona zomwe zilipo lero. Kalembedwe kakale sikanafe msanga. M'mipukutu ina ya ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, yomwe inayamba kupezeka mu 1947, alembi ankalemba zonse ndi zilembo zatsopano koma akafika pa dzina la Mulungu ankabwerera ku zakale, ndipo Asamariya akugwiritsabe ntchito mtundu wa zilembo zakalezo mpaka pano.

FUNSO: Akonzi, ngati Alefu ndiye woyamba, n'chifukwa chiyani akuti Baibulo la Chiheberi limayamba ndi Beti? Ndawerenganso pa intaneti kuti pa Genesis 1:1 pali liwu la zilembo ziwiri, Alefu ndi Tavu, lomwe omasulira analisiya dala, ndipo akuti liwu limeneli ndi dzina lobisika la Yesu, amene anati ndi Alefa ndi Omega. Kodi omasulira anatibisiradi kanthu?

YANKHO: N'zoona kuti liwu loyamba la Genesis ndi bereshit, pachiyambi, ndipo limayamba ndi Beti. Yankho la galamala ndi lalifupi, lakuti kachilembo ka b kutsogolo kwa liwu kamagwira ntchito ngati pa kapena mu wathu, motero chiganizo choyamba ndi pachiyambi sichikanayamba ndi china. Koma aphunzitsi akale a Chiyuda, otchedwa arabi, sankakhutira ndi mayankho afupiafupi, ndipo m'buku lawo lofotokozera Genesis lotchedwa Bereshit Rabbah muli nthano yakuti Alefu anadandaula pamaso pa Mulungu kwa mibadwo 26 kuti iye ndi woyamba koma dziko silinalengedwe ndi iye, ndipo Mulungu anamulonjeza kuti podzapereka Chilamulo pa Sinai adzayamba ndi iye. Malamulo Khumi pa Eksodo 20:2 amayambadi ndi anokhi, kutanthauza Ine, liwu loyamba ndi Alefu. Mwambo womwewo umanenanso kuti Beti anasankhidwa chifukwa amayambitsa liwu la dalitso, pamene Alefu amayambitsa liwu la temberero, ngakhale kuti wowerenga watcheru angaone kuti vesi lachiwiri lomwelo la Genesis lili ndi bohu, kupanda kanthu, liwu loyamba ndi Beti lomwe silinena za dalitso lililonse.

Mwambo wa Chiyuda uli ndi zambiri zotere, ndipo zina ndi zokongola kwambiri. M'mipukutu ya Tora, liwu loyamba la Levitiko, vayikra, kutanthauza ndipo anaitana, limalembedwa ndi Alefu wamng'ono kumapeto, ndipo Jacob ben Asher, rabi wa m'zaka za m'ma 1300, anafotokoza kuti Mose chifukwa cha kudzichepetsa anafuna kulemba vayikar, ngati kuti Mulungu anangokumana naye mwangozi monga zinalembedwera za Balamu pa Numeri 23:4, koma atalamulidwa kuikapo Alefu anamulemba wamng'ono. Pa 1 Mbiri 1:1 zili mosiyana, pakuti dzina la Adamu limalembedwa ndi Alefu wamkulu. Liwu lakuti emet, choonadi, limapangidwa ndi Alefu, Memu ndi Tavu, ndipo aphunzitsi ankati choonadi chimagwira chiyambi, pakati ndi mapeto a alifabeti. Mukachotsa Alefu pamatsala met, wakufa, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nthano ya golem, munthu woumbidwa ndi dongo yemwe anthu amamugwirizanitsa ndi Rabi Judah Loew wa ku Prague, amene anamwalira mu 1609. Malinga ndi kafotokozedwe kamodzi ka nthanoyi, chiumbocho chinkayenda chifukwa cha liwu la emet lolembedwa pachipumi pake, ndipo chinagwa pansi Alefu atafufutidwa. Chomwe timalemekeza mwa aphunzitsi amenewa n'chakuti ankadziwa kusiyana kwa tanthauzo lenileni la mawu, lomwe ankalitcha peshat, ndi phunziro lotapidwa m'mawuwo, lomwe ankalitcha derash.

Nkhani ya pa intanetiyo ndi yomwe yalephera kusiyanitsa ziwirizi. Liwu la Alefu ndi Tavu lilipodi pa Genesis 1:1, ndipo lilipo kawiri, patsogolo pa kumwamba ndi patsogolo pa dziko lapansi. Limatchulidwa kuti et, ndipo ndi lomwe lija tinakumana nalo pa Salimo 119:8. Ntchito yake ndi kusonyeza chinthu chodziwika chomwe ntchito ya mneni yagwerapo, kuti wowerenga asasokoneze wochita ndi wochitidwa. Chinenero chathu chimachita zimenezi mwa dongosolo la mawu ndiponso ndi timaphatikizo ta mkati mwa mneni, monga mu wa m'liwu lakuti anamuona, choncho palibe liwu lapadera lomwe womasulira angaike pamalo pa et. Sanabise kanthu, ndipo chimodzimodzi womasulira kuchokera ku Chichewa kupita ku Chiheberi sakhala akubisa chinsinsi akasiya kutanthauzira payekha mu uja. Liwuli likupezeka maulendo zikwi zambiri m'Chipangano Chakale, patsogolo pa zinthu zopatulika ndi zonyansa zomwe. Pa Genesis 4:1 laima patsogolo pa dzina la Kaini, ndipo sitikhulupirira kuti olemba nkhani ija angafune kupeza Khristu pamenepo. Mwana wa ku Tel Aviv wopempha kuti ampatsire buku amanena et tsiku lililonse.

Mawu akuti Alefa ndi Omega ali pa Chivumbulutso 1:8, 21:6 ndi 22:13, m'buku lomwe linalembedwa m'Chigiriki, ndipo ndi zilembo zoyamba ndi zotsiriza za alifabeti ya Chigiriki. Muzu wake wa m'Chipangano Chakale suli m'kachizindikiro ka galamala, koma uli poyera pa Yesaya 44:6, pomwe Yehova akunena kuti iye ndi woyamba ndi wotsiriza. Ngati mukufuna malo omwe Alefu akugwirizana ndi dzina la Mulungu popanda kukakamiza, onani Eksodo 3:14, pomwe Mose akuyankhidwa kuti ehyeh asher ehyeh, mawu atatu oyamba onse ndi Alefu. Ngakhale pamenepa chifukwa chake ndi cha galamala, pakuti Alefu kutsogolo kwa mneni wa mtundu umenewu amagwira ntchito ya ndi wa m'mawu akuti ndidzakhala, kusonyeza kuti wolankhula akunena za iye mwini.

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira masamu, ndipo m'buku lina ndapeza chilembo cha Chiheberi chokhala ndi kaziro pansi pake. Masamu amakonda zilembo za Chigiriki, nanga ichi chinalowamo bwanji? Kodi chikugwirizana ndi zomwe ndinamva zakuti Alefu amaimira nambala 1?

YANKHO: Zinthu ziwirizi zili ndi mbiri zosiyana. M'kawerengedwe ka Chiyuda chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, Alefu ndi 1, Beti ndi 2, Yodi ndi 10, Kofu ndi 100, mpaka Tavu yemwe ndi 400. M'mawu a Baibulo lenilenilo manambala amalembedwa ngati mawu athunthu, koma pofika nthawi ya Aroma njira ya zilemboyi inali itakhazikika, mwakuti ndalama zasiliva zomwe Ayuda anasula atagalukira Aroma mu 66 AD zili ndi Alefu pamwamba pa chithunzi cha chikho, kutanthauza chaka choyamba. Ku Israel lero Lamulungu limafupikitsidwa kuti tsiku la Alefu, kalasi yoyamba ya sukulu ndi kita alef, ndipo buku lomwe ife timati 1 Samueli iwo amati Shmuel Alef. Chodabwitsa china n'chakuti zilembo zitatu zomwe zimalemba dzina la Alefu zikawerengedwa kuti elef zimatanthauza 1,000.

Chizindikiro chomwe mwachipeza chinabwera ndi Georg Cantor, katswiri wa masamu yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Halle ku Germany ndipo anakhala ndi moyo kuyambira 1845 mpaka 1918. Iye anasonyeza kuti magulu a zinthu zopanda malire sali ofanana onse kukula kwake, ndipo m'zaka za m'ma 1890 anasankha Alefu kuti akhale dzina la makulidwe amenewa. Alefu wokhala ndi ziro ndiye wamng'ono pa onse, ndipo amaimira kuchuluka kwa manambala owerengera, 1, 2, 3 mpaka kosatha. Magulu awiri amatengedwa kuti ndi ofanana ngati mungathe kulumikiza chinthu chimodzi cha uku ndi chimodzi cha uko popanda chotsala. Mwa njira imeneyi manambala ogawika ndi 2 ndi ochuluka mofanana ndi manambala onse owerengera, chifukwa 1 mungamulumikize ndi 2, 2 ndi 4, 3 ndi 6, osasowa mnzake wa nambala iliyonse, ngakhale kuti nzeru za tsiku ndi tsiku zimatiuza kuti gulu loyambalo liyenera kukhala theka la linzake. Cantor anasonyezanso kuti manambala onse a pamzere, kuphatikizapo omwe madesimo awo satha ndipo sabwereza, sangalumikizidwe choncho ndi manambala owerengera, pakuti nthawi zonse ena amatsala. Funso lakuti kaya pali kukula kwina pakati pa ziwirizi linamusautsa mpaka imfa yake, ndipo ntchito za Kurt Gödel mu 1940 ndi Paul Cohen mu 1963 zinasonyeza kuti mfundo zoyambira zomwe akatswiri ambiri a masamu amagwiritsa ntchito sizingavomereze kapena kukana nkhaniyi.

Ophunzira za Baibulo nawonso amakumana ndi Alefu pamalo osayembekezeka, m'munsi mwa masamba a Chipangano Chatsopano cha Chigiriki. Kumeneko amaimira Codex Sinaiticus, buku lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 300 AD, lomwe Constantin von Tischendorf anaona masamba ake ku nyumba ya amonke ya Saint Catherine m'munsi mwa phiri la Sinai mu 1844, kenako gawo lalikulu mu 1859. Mabuku akale otere ankapatsidwa zilembo za Chilatini, ndipo A anali atapita kale kwa Codex Alexandrinus, B kwa Codex Vaticanus. Tischendorf sanafune kuti chomwe anapeza chikhale kumchira kwa mndandanda, choncho anatenga chilembo choyamba cha alifabeti ina n'kuchiika patsogolo pa onse. Gawo lalikulu la bukuli linapita ku Russia, ndipo mu 1933 boma la Soviet Union linaligulitsa ku Britain pamtengo wa mapaundi 100,000. Lero gawo limenelo lili ku British Library ku London, ndipo ngakhale bukuli limadziwika ndi chilembo cha Chiheberi, mawu ake, a Chipangano Chakale ndi Chatsopano omwe, analembedwa m'Chigiriki.